Mkumano wa pa 8 June: Nyama ya Dugong ya ku Bazaruto

Mamembala nonse, tikukudziwitsani kuti pa 8 June, tsiku lokumbukira nyanja zamchere padziko lonse, tidzakumana pamalo athu a nthawi zonse, 2 koloko masana.

Tidzakambirana za dugong, nyama ya m'nyanja ya Indian yomwe imadya udzu wapansi pa madzi. Imayamwitsa ana ake, ndipo pakangopita mphindi zochepa imayenera kutulutsa mphuno kunja kuti ipume. Ikakodwa m'matchera a asodzi imalephera kukwera, n'kufera momwemo. Chomvetsa chisoni n'chakuti yaikazi imabereka mwana mmodzi yekha, kenako pamadutsa zaka zitatu kapena kuposerapo isanaberekenso.

Mu 2022 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, lidalengeza kuti dugong za kum'mawa kwa Africa zatsala pang'ono kutheratu: zazikulu sizikufika 250, ndipo zambiri zili kuzilumba za Bazaruto ku Mozambique, zomwe zidakhala malo otetezedwa mu 1971.

Amene mudakulira kunyanja ndipo mumawadziwa bwino matchera, chonde musajombe, tikufuna kumva kwa inu. Bwerani ndi cholembera ndi kope, ndipo aphunzitsi mutengeko ana asukulu angapo.