Chikwangwani chokha sichipulumutsa munthu padamu

Akonzi,

Tipatseniko danga tilankhule ndi eni madamu ang'onoang'ono, aja amakumbidwa pamalo a munthu kuti azithirira mbewu, kumwetsa ziweto kapena kuweta nsomba. Ambiri ayamba kulola anthu kudzasambira, kuwedza ndi kupalasa bwato. Palibe cholakwika. Koma damu lotere analikumba poganizira madzi, osati wosambira, ndipo kukhoma chikwangwani choti "Osasambira pano" n'kubwerera kunyumba si chitetezo. Mwana wa zaka zinayi sadziwa kuwerenga.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 300,000 amafa chaka chilichonse pomira m'madzi padziko lonse. Ambiri sadziwa kuti womira sakuwa. Pakamwa pake pamangotuluka n'kulowanso m'madzi, manja akupapasa pamwamba, mutu utapendekera kumbuyo, ndipo pasanathe mphindi imodzi akhoza kuzimirira anzake akuseka chapafupi. N'chifukwa chake ana akakhala m'madzi pafunika wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwayang'ana basi, foni ili m'thumba, ndipo asakhale atalawa mowa.

Damu limanyenga ndi maonekedwe. Pozama kwambiri ndi pafupi ndi khoma lotchinga madzi, pomwenso anthu amakonda kudumphira chifukwa mpokwera. Dongo la m'mbali likanyowa limaterera ngati sopo, moti wogweramo amalephera kukwera ngakhale akudziwa kusambira. Pansi pamakhala matope ogwira miyendo, zitsa ndi mawaya otsalira. Nyengo yotentha madzi apamwamba amafunda pomwe apansi amazizira kwambiri, ndipo kuzizira kwadzidzidziko kumachititsa munthu kukoka mpweya mosafuna, n'kumeza madzi. Pakamwa pa paipi yotulutsira madzi pamakoka. Paikidwe sefa yachitsulo, ndipo paipiyo isatsegulidwe anthu ali m'madzi.

Ngati mwini wake afuna kuti anthu azisambira, asankhe mbali imodzi yokha, kutali ndi khoma, paipi ndi ngalande yotayira madzi osefukira. Ayeze kuya kwake ndi nsungwi yolembedwa mamita, achotse zitsa, athire mchenga, kenako amange chingwe chokhala ndi zigubu zoyandama pamene madzi afika mita imodzi. Kuyezaku kubwerezedwe madzi akakwera kapena kutsika, chifukwa malire a mwezi wathawu sakhala a lero. Kudumphira chamutu kuletsedwe kotheratu: m'madzi amatope simuona pansi, ndipo khosi likathyoka munthu akhoza kulumala moyo wonse. Ngati pali nyumba pafupi, pakhale mpanda wosachepera mamita 1.2 ndi chitseko chokhoma.

Zida zopulumutsira n'zosavuta kupeza. Pamtengo woonekera pakhale nsungwi ya mamita anayi, ndi chingwe cha mamita 20 chomangiriridwa kuchigubu cha malita asanu chotsekedwa bwino. Muikemo madzi pang'ono kuti chiponyeke patali. Wopulumutsa agone chafufumimba m'mphepete popereka nsungwi, apo ayi akokeredwa momwemo. Kulumphira m'madzi kukhale komaliza, chifukwa womira amakakamira aliyense, ndipo maliro amakhala awiri. Wovuulidwa akakhala kuti sakupuma, mugonekeni chagada, tukulani chibwano, muuzireni mpweya m'kamwa kasanu, kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30 n'kuuzira kawiri, mobwereza mpaka thandizo lifike. Musataye nthawi kumufinya mimba kuti asanze madzi. Akatsitsimuka apite kuchipatala ndithu, poti mapapo amatha kuvuta patapita maola. Aliyense wokwera bwato avale jekete yoyandamitsa, ndipo kukamveka kugunda kwa mphenzi onse atuluke m'madzi.

Khoma nalonso lili ndi nkhani yake, ndipo apa eni ambiri amagona. Khoma ladothi limaopa madzi odutsa pamwamba pake. Akangoyamba kusefukira amakokolola kumbuyo kwake, ndipo likhoza kugumuka usiku umodzi. Pakati pa madzi odzaza ndi msonga ya khoma pazitsala pafupifupi mita imodzi. Ena amatseka ngalande yotayira madzi ndi matumba amchenga kuti damu lidzaze kwambiri, ena amatchingapo ukonde kuti nsomba zisathawe, ukondewo n'kugwira zinyalala. Kumeneko n'kudziputira tsoka, ndipo olipira amakhala okhala kumunsi amene sanafunsidwe n'komwe.

Pakhoma pamere kapinga wofupika, osati mitengo. Mthunzi wake ndi wokoma kwa owedza, inde, koma mizu ikawola imasiya njira zimene madzi amatsata. Chiswe, makoswe ndi ziboda za ng'ombe zimawononga chimodzimodzi. Yendani kumbuyo kwa khoma kamodzi pamwezi komanso mvula yamphamvu ikangotha. Madzi ochucha pang'ono oyera si achilendo, koma muziwatunga m'botolo n'kuona. Akayamba kutuluka amatope kapena kuchuluka, ndiye kuti akunyamula dothi la m'kati mwa khoma. Chotsani anthu, chenjezani okhala kumunsi, tsitsani madzi pang'onopang'ono, ndipo itanani injiniya. Kutsitsa mwaphuma kumagwetsanso mbali ya khoma yoyang'ana kumadzi, chifukwa dothi lake limakhala likadali lokhuta madzi. Ming'alu yodutsa khoma chopingasa ndi maenje otitimira pamwamba pake zimafuna changu chomwecho.

Madzi okhazikika amasunganso matenda. M'madera otentha nkhono za m'madzi zimafalitsa likodzo: wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, tizilombo timakulira mu nkhonozo kenako timaboola khungu la wosambira. Chimbudzi chimangidwe kumunsi kwa damu, udzu wa m'mbali uzisengedwa, ndipo woona magazi mumkodzo akayezetse. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Madzi akachita ndere zobiriwira ngati penti yotayika, kawirikawiri chifukwa cha feteleza ndi ndowe zokokoloka, kusambira kuimitsidwe, ndipo agalu ndi ng'ombe zisamwe mpaka nderezo zitatha.

Owerenga anu,
ogwira ntchito zamadamu ndi ulimi wothirira