Lipoti la msonkhano wokambirana thandizo kwa ana pa nthawi ya nkhondo, njala ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi

A wapampando ndi mamembala nonse, munandituma ku msonkhano wa masiku atatu wa mabungwe othandiza ana, ndipo nazi zimene ndabwera nazo. Malisiti a ulendo ndi a alawansi ali kale ndi a msungichuma, aliyense atha kukawaona. Tsiku loyamba linathera pa malonje, ndipo gawo la kalembedwe ka malipoti opita kwa opereka ndalama linalibe chachilendo.

Chimene chinandigwira mtima ndi kalamba ka MUAC, kalamba kakang'ono ka mitundu koyezera kukula kwa mkono pofuna kudziwa ngati mwana wanyentchera. Timayeza nako ana a miyezi 6 mpaka 59, pa mkono wamanzere, pakatikati pa phewa ndi chigongono, mkono uli wolendewera. Kakaonetsa mofiira, kutanthauza kuti sipanakwane masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndi pachikasu. Oyeza ambiri amalakwitsa pokoka kalambako mothina kapena kukalekerera. Mapazinso tiziwaona: dinikizani onse awiri ndi chala chachikulu kwa masekondi 3, ndipo pakatsala kadzenje ndiye kuti mwana watupikana, ngakhale kalamba kataonetsa mobiriwira. Msonkhano unagwirizana kuti timalambati tiziperekedwa kwa amayi kuti aziyeza okha kunyumba, ndipo ine ndikuvomereza ndi mtima wonse. Mwana amene wapezeka mochedwa amafika kuchipatala atazizira thupi, shuga atatsika, osafunanso kudya. Ife timadikira tsiku la sikelo, pomwe katoni ya timalamba yakhala yotsekeredwa mu ofesi chifukwa ena mwa ife amati amayi sangathe kuwerenga. Mayi safunika kuwerenga manambala, amangoona mtundu.

Za chiponde, chakudya cha m'mapaketi chochizira ana onyentchera kwambiri, anafotokoza mwatsatanetsatane. Paketi imodzi imalemera magalamu 92 ndipo imapereka mphamvu yokwana 500 kcal. Katoni imakhala ndi mapaketi 150, omwe amakwanira pafupifupi mwana mmodzi pa masabata 6 mpaka 8. Kuyambira 2007, WHO, WFP ndi UNICEF amavomereza kuti mwana wopanda matenda ena alandirire thandizoli kunyumba, koma ayambe wayesedwa ngati ali ndi chilakolako cha chakudya, ndipo amapatsidwanso amoxicillin. Akakana kudya agonekedwe, ayambe ndi mkaka wapadera wa kuchipatala wotchedwa F-75. Kuthamangira mkaka wamphamvu kwambiri wa F-100 kapena mankhwala owonjezera magazi m'masiku oyamba kungathe kumupha, chifukwa thupi lake silinakonzeke. Akatsegula m'mimba kuchipatala amapatsidwa ReSoMal, mankhwala apadera obwezeretsa madzi m'thupi mwa ana onyentchera, m'malo mwa ORS wamba, amene ali ndi mchere wochuluka kwa mtima wofooka. Chiponde sachisungunula m'madzi kapena m'phala: mwana adye kuchokera m'paketi, madzi aukhondo ali pambali. Vuto lalikulu ndi kugawana ndi abale ake, ndipo sindingamudzudzule mayi amene ana ake onse ali ndi njala. Banja lotere lipatsidwe chakudya china pambali, apo ayi mwana wodwalayo sakwera pa sikelo.

Kumsonkhanoko kunali mkangano pa ganizo lopereka mapaketi awiri pa tsiku kwa mwana wa pofiira ndi imodzi kwa wa pachikasu, osawerengera kulemera kwake. Sanamange mfundo. Ine ndikuona kuti n'lothandiza kumene sikelo kulibe ndipo anthu akuthawa nkhondo, ngati mmene anathawira ku msasa wa Zamzam ku Sudan, kumene njala yadzaoneni inalengezedwa mu 2024. Kumene sikelo ilipo, tisachoke pa malangizo a azaumoyo.

Tsopano nkhani ya mkaka wa m'chitini, imene tinasiyana nayo maganizo m'komiti muno. Malamulo a padziko lonse a 1981 okhudza malonda a mkaka wolowa m'malo mwa wa m'mawere ndi malangizo a nthawi ya ngozi amaletsa kugawa mkakawu chisawawa. Pamsasa madzi amakhala oipa, mabotolo satsukika, mwana amatsegula m'mimba, ndipo mayi akasiya kuyamwitsa mkaka wake umachepa. Khanda limene latayana ndi amayi ake kapena lamasiye ndi nkhani ina, yofunika azaumoyo. Ndinanena izi pamene tinkakonza zosonkhetsa mkaka ndipo mfundo yanga sinalembedwe n'komwe m'maminitsi. Ndikupempha kuti ilembedwe lero, ndipo ndalamayo ipite ku madzi ndi sopo. Muyezo wa Sphere, umene mabungwe othandiza pa nthawi ya ngozi amatsatira, ndi malita osachepera 15 pa munthu patsiku ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20.

Gawo la ana osokonekera ndi makolo awo linali lalifupi: alembedwe msanga, ndipo asamasamutsidwe kutali ndi pomwe apezeka abale asanafunidwe. Katemera wa chikuku pamsasa amaperekedwa kuyambira miyezi 6, pamodzi ndi vitamini A.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha tivote pa zinthu ziwiri: kutulutsa timalamba tija ndi kuphunzitsa amayi, komanso kuti buku la katundu wa m'nyumba yosungiramo lizisainidwa ndi anthu awiri, poti pali makatoni ena amene tinafunsa za iwo ndipo sanafotokozedwebe.