Za ndodo za hockey kuno ku Salima

Achimwene okondedwa,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino ku Johannesburg pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwafunsa ngati mungatumize ndodo zina za hockey za ana amene ndimawaphunzitsa, ndipo pempho langa ndi lakuti muyambe mwatumiza guluu wa epoxy ndi tepi yokulungira pogwirira, chifukwa ndodo zambiri zomwe tili nazo zingathe kukonzedwa pakhomo pano.

Chimene chikutithera ndodo ndi bwalo lathu. Anzathu a ku Blantyre ali ndi bwalo la kapeti, pamene ife timasewera pa mchenga, umene umapala kunsi kwa mutu wa ndodo mpaka ulusi wa fibreglass kuyamba kuonekera. Zikatero ndimatsuka mutuwo n'kuuyanika pamthunzi, ndipo ukauma ndimaupala ndi sandipepala, kenaka n'kusakaniza magawo awiri amene epoxy amabwera nawo ndi kupaka pang'ono pokha podyekapo. Mawa lake guluuyo akalimba ndimasalaza mosamala, poti malamulo a FIH, bungwe loyang'anira hockey padziko lonse, amafuna kuti ndodo izidutsa mu mphete ya mamilimita 51 ndiponso isalemere kuposa magalamu 737. Anyamata ena amamanga ndi waya kapena kukhomerera misomali, koma zimenezo ndimaziletsa ndithu, pakuti chitsulo n'chosaloledwa pa ndodo ndipo chimacheka mnzako mwendo.

Kutentha kwa Okutobala kwa kuno kunyanja mukukudziwa. Ndodo zopangidwa ndi ulusi wa carbon zikasiyidwa padzuwa kapena pafupi ndi malata, utomoni umene umagwirizanitsa ulusi wake umafooka. Zamtengo wa mabulosi, monga zija zopangidwa ku Sialkot ku Pakistan, vuto lake ndi madzi: zikanyowa m'dzinja zimatupa, zikauma mofulumira zimang'ambika, ndiye ndimazipaka mafuta a linseed n'kuzipachika pamwamba pomwe chiswe sichingafike. Pogwirira pakatha, chubu chakale cha njinga chimathandiza, ngakhale chimaterera m'manja mukachita thukuta, n'chifukwa chake ndikupempha tepiyo.

Ndodo yong'ambika chopingasa pakati pa thunthu sindiikonza ngakhale mwana atadandaula bwanji, chifukwa ikathyoka pomenya mpira chidutswa chake chingathe kumulasa wina m'diso. Koma ikawonongeka kumwamba kokha, ndimaidula ndi sowo kuti ikhale ya ana aang'ono.

Mukapeza munthu wobwera kumudzi, mumupatsire katunduyo mvula isanayambe. Mupereke moni kwa onse kunyumba.

Ine mnzanu,
wa ku Salima