Lipoti la msonkhano wokambirana za kutentha kwa ma graphics card pa ntchito ya Folding@home ndi BOINC

Apampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Monga munandituma pa mkumano wathu wapitawu, ndinakakhala nawo pa msonkhano wa anthu amene amabwereketsa makompyuta awo ku ntchito za kafukufuku kudzera pa intaneti. Ndinapita ndi funso limodzi lomwe munandisenzetsa, lakuti tingatani kuti ma graphics card athu, makhadi a m'kompyuta okonza zithunzi amene pa ntchitoyi amawerengera masamu a kafukufuku, asiye kutentha mopyola muyeso mpaka kuzimitsa makompyuta, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene chipinda chathu chimasanduka ng'anjo. Zokambidwa zinali zambiri, koma pano ndalemba zokhazo zokhudza vuto lathuli.

Wotsogolera zokambirana anayamba ndi kutikumbutsa chifukwa chake ntchitoyi imalemetsa makina kuposa masewera a pakompyuta amene makhadiwa anapangidwira. Pulogalamu ya Folding@home, yomwe Vijay Pande anayambitsa pa yunivesite ya Stanford m'chaka cha 2000, imagawa ntchito yowerengera mmene mapuloteni amapindikira m'zidutswazidutswa n'kuzitumiza ku makompyuta a anthu ongodzipereka, ndipo BOINC, yochokera ku yunivesite ya California ku Berkeley, imachita chimodzimodzi pa kafukufuku ngati wa Einstein@Home, wofufuza za nyenyezi. Munthu akamasewera gemu, khadi limalemedwa kwa kanthawi kenako n'kupumako, pomwe pa ntchito yathuyi limakoka magetsi onse amene lingathe usana ndi usiku, sabata ndi sabata, osapeza mpata wozizira.

Mfundo imene ndaiona kuti ndi yaikulu pa zonse, ndipo ndikupempha kuti tiyambire pomwepo, ndi yakuti pafupifupi magetsi onse olowa m'khadi amatulukamo ngati kutentha. Ife takhala tikulimbana ndi mafani, kuwawonjezera ndi kuwathamangitsa, osaganizira kuti fani siichotsa kutentha koma imangokusamutsa kuchoka m'bokosi la kompyuta kupita m'chipinda, ndipo mpweya wofunda womwewo ndi umene makompyuta enawo amaukokanso. Khadi la RTX 3080, ngati awiri amene tili nawowa, linapangidwa kuti lizikoka mawati 320, kutanthauza kuti likagwira ntchito maola 24 limatha mayunitsi pafupifupi 7.7 palokha, osawerengera mbali zina za kompyutayo. Tikaliikira malire akuti lisapyole magawo 70 pa 100 alionse a mphamvuyi, lizikoka mawati 224 ndi kutha mayunitsi pafupifupi 5.4 pa tsiku. Chimene ambiri aife sitinkachidziwa n'chakuti liwiro la ntchito silitsika mofanana ndi magetsiwo. Kuti khadi lifike pa liwiro lake lomalizira limafuna volteji yokwera, ndipo volteji ikangokwera pang'ono magetsi amene likudya amakwera kwambiri, motero mawati omalizirawo amabala kutentha kochuluka koma ntchito yochepa.

Malirewa amaikidwa mosavuta ndipo safuna ndalama. Pa Windows anatisonyeza pulogalamu ya MSI Afterburner, pomwe pa Linux munthu amalemba lamulo la nvidia-smi -pl n'kutsatiza chiwerengero cha mawati amene akufuna. Ndinafunsa zomwe zimachitika magetsi akathima, popeza kwathu kuno zimenezi si zachilendo, ndipo anandiyankha kuti malire oikidwa ndi nvidia-smi amafufutika kompyuta ikayakanso. Choncho tiyenera kukonza kuti lamulolo lizidzilemba lokha nthawi iliyonse makina akamayaka, apo ayi khadi libwerera ku mawati 320 usiku palibe wolionerera.

Panali kukambirana kwakutali pa njira ina yotchedwa undervolting, imene munthu amatsitsa volteji yokha koma liwiro n'kulisiya pafupi ndi pomwe linali. Amene anaiyesa anaiyamikira, komabe ine ndikuona kuti tisaithamangire. Volteji ikatsika mopitirira, khadi limayamba kulakwitsa masamu ngakhale kompyuta ikuoneka ngati ikuyenda bwinobwino. Folding@home imataya chidutswa cha ntchito chotere ngati choonongeka, ndipo mapulojekiti ambiri a BOINC amafananiza zotsatira zathu ndi za kompyuta ya munthu wina n'kukana zosagwirizana, ndiye kuti mayunitsi apita pachabe ndipo ofufuza achedwetsedwa.

Chinthu china chimene chinanditsegula maso ndi kawerengedwe ka kutentha. Nambala imene timaiyang'ana tsiku ndi tsiku ndi ya chipu chachikulu chokha, ndipo makhadi ambiri a NVIDIA, kampani yopanga ma RTX, amayamba kudzichepetsera liwiro nambalayi ikafika cha m'ma digiri 83. Koma mapulogalamu a HWiNFO64 ndi GPU-Z amaonetsanso malo otentha kwambiri a chipucho komanso kutentha kwa memori, ndipo memori ya mtundu wa GDDR6X, yomwe ili mu RTX 3080 ndi RTX 3090, imatha kuyandikira madigiri 110, pomwe khadi limadzibweza lokha, chikhalirecho nambala yoyamba ija ikuoneka yabwino. Pa RTX 3090 vutoli limakula chifukwa memori ina inaikidwa kumsana kwa khadi, kumene mphepo ya mafani siifika. Ndikuganiza kuti kuchedwa kwa kompyuta yathu ya pakona kukuchokera pa kutentha kwa memori, ndipo n'zosavuta kutsimikiza tikangoikamo HWiNFO64.

Za fumbi sindichulukitsa mawu chifukwa tonse tikulidziwa. Anatilangiza kupemerera makhadi ndi mpweya makina atazimitsidwa, fani itagwiridwa ndi chala kuti isazungulire mothamanga n'kuonongeka, ndiponso kuchotsa makompyuta pansi n'kuwaika pa tebulo. Mmodzi mwa nthumwi anati iye amangotsekula chivundikiro cha m'mbali n'kulozetsamo fani ya m'nyumba. Kutentha kumatsikadi, koma m'chilimwe chathu chino njira imeneyi ingadzaze khadi ndi fumbi m'masabata ochepa, choncho sindikuivomereza. Chimodzimodzinso kuthamangitsa mafani a khadi pa liwiro lawo lonse usana ndi usiku kumawathetsa msanga, ndipo kupeza ena olowa m'malo mwake kuno n'kovuta.

Pa makompyuta okhala ndi makhadi awiri m'bokosi limodzi, monga yathu yaikulu ija, anafotokoza kuti khadi la pamwamba limapuma mpweya wotentha wochokera kwa linzake la pansi, makamaka ngati onse ndi a mtundu wa mafani awiri kapena atatu amene amamwaza mpweya m'bokosi momwemo. Makhadi a fani imodzi yokankhira mpweya kunja kudzera kumbuyo amachita phokoso koma amakhalirana bwino akayandikana. Poti ife sitingagule ena panopa, chotheka ndi kusiya mpata pakati pa awiriwo, kapena kusamutsira limodzi m'bokosi lina lomwe likungokhala. Nkhani yosintha thermal paste ndi ma thermal pad, phala ndi timapadi tosamutsa kutentha kuchoka pa chipu ndi memori kupita ku chitsulo choziziritsa khadi, inatchulidwanso, ndipo imathandizadi pa makhadi amene agwira ntchito zaka zingapo, koma pad ikakhala yokhuthala kapena yopyapyala kusiyana ndi yoyambayo imatha kukulitsa vuto, komanso kutsekula khadi kungatichotsere mwayi wolibweza kwa wogulitsa ngati waranti isanathe.

Ena anapereka maganizo oti makina azigwira ntchito usiku wokha kunja kukazizira. BOINC ili ndi malo oikapo maola amene iziyamba ndi kusiya, ndipo kwa ife zingatithandize m'miyezi iwiri yotenthayi. Chofunika kukumbukira n'chakuti chidutswa chilichonse cha ntchito chili ndi nthawi yake yobwezera, ndipo Folding@home imapereka mapointi owonjezera kwa wobweza msanga, motero gulu lathu litsikako pa mndandanda wa magulu wotsatira mapointiwo. Ine ndikuona kuti kutsika pa mndandanda n'kopepuka poyerekeza ndi kupsereza khadi limene tinasonkherana ndalama chaka chathunthu, koma izi ndasiyira komiti kuti igamule.

Pempho langa kwa komiti ndi lakuti mundilole, pamodzi ndi mamembala awiri amene mungawasankhe, kuti Loweruka likudzali tipukute makina onse, tiike HWiNFO64 pa makompyuta a Windows, ndi kuika malire a magawo 70 pa 100 pa makhadi awiri a RTX 3080 okha. Tizilemba m'kope kutentha kwa chipu ndi kwa memori, mapointi a tsiku ndi mayunitsi otsala pa mita, m'mawa ndi masana, kwa masabata awiri, ndipo kopelo tidzalibweretsa pa mkumano wotsatira komiti isanagamule za makhadi otsalawo ndi za maola a usiku.