Kalata ya Abusa: Bambo Akabereka Mwana Wake Pagulu

Okondedwa mwa Ambuye, akhristu a mpingo wathu kuno ku Mchinji,

Mtendere ukhale nanu. Mayi akabereka mwana pamsika wa Kamwendo palibe amatembenuka. Koma abereke bambo, manong'onong'o ayamba: "Anamudyetsa khuzumule ameneyo." Wina akuti mkazi anamuthawa. Ndiye pali funso loopsa lija: "Koma mwanayo ndi wakedi?"

Manthawo ndikuwamvetsa. Tili m'malire, pafupi ndi chipata cha Mwami, ndipo ana amazembetsedwa kukagwira ntchito m'minda ndi kukaweta ng'ombe. Nchifukwa chake mu 2015 dziko lathu linakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu. Komatu mwana wochitidwa nkhanza kawirikawiri amachitidwa ndi munthu amene amamudziwa, kuseri kwa chitseko, osati ndi bambo amene wamukweza paphewa dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Chikamwini chinatizoloweretsa kuti mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi atsibweni. Mwambowo sindikulimbana nawo. Koma pa Marko 5, amene anathamangira kwa Yesu mwana wamkazi atadwala anali Yairo, bambo wake, ndipo sanatume munthu.

Abambo, yambirani ku sikelo. Katemera amaperekedwa mwana akangobadwa, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Wosakwana miyezi 6 amadalira bere lokha, choncho pitani limodzi ndi amake. Wokulirapo mutha kupita naye nokha, mutatenga kabuku ka sikelo, thewera lapadera, chitenje ndi phala lake. Dziwani tsiku limene anabadwa ndi mmene akudyera. Alangizi a zaumoyo akafunsa, yankho lakuti "kafunseni amake" ndi limene limadzutsa chikayiko. Paulendo wautali onjezerani chitupa chanu cha unzika, kalata ya kubadwa ya mwana, ndi foni yokhala ndi moto ndi mayunitsi kuti amake athe kuyankha okha. Mwana akayamba kulankhula bwino, mphunzitseni dzina lanu lenileni ndi la mudzi. Ambiri amangodziwa kuti "ababa", basi.

Wina akakuimitsani, musakalipe ndipo musathawe. Kuthawa ndiko kumaitana miyala. Imani, onetsani kabuku, imbani foni.

Inu amene mwakayikira, perekani moni kaye. Kulira si umboni: mwina wangobayidwa jakisoni, mwina ndi njala. Muyandikireni mwanayo muone kumene athawire. Akakangamira khosi kapena miyendo ya bamboyo, ndiye kuti amamudziwa. Zoyenera kudetsa nkhawa ndi zina: munthu sakudziwa dzina la mwana, akusinthasintha mayankho a kumene akupita, akuletsa mwana kulankhula, kapena ali ndi ana angapo osadziwana ndipo akulambalala msewu kudzera njira zakutchire zopita ku Zambia. Mukaona zotere uzani a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, amfumu kapena apolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Musakuwe kuti "wakuba!" Musamujambule n'kuponya pa WhatsApp. Gulu likasonkhana silifunsa mafunso, ndipo mwana amene mumati mukumupulumutsayo ndiye adzaonerere bambo wake akumenyedwa.

Amayi, pepani ndinene: nthabwala ya khuzumule ija nthawi zina imachokera kumbali kwanu, kwa omwewo amene mumadandaula kuti abambo sathandiza. Mwamuna akasekedwa kamodzi pasikelo sabwererakonso.

Lamulungu likubwerali abambo mukhale ndi ana anu pabenchi panu. Mwana akalira mutuluke naye nokha, ndipo madikoni asamupititse kumbali ya amayi.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.