Tikalimbitsidwa musatitaye

Akonzi,

Ndine mtsikana wachikatolika ndipo ndalandira sakramenti la ulimbitso chaka chino. Ambuye Episkopi atandidzoza mafuta a krisima pamphumi, ndinkayembekeza kuti tsopano andipatsa ntchito mu mpingo. Mpaka lero palibe amene wandiitana.

Nthawi ya maphunziro aphunzitsi ankatikumbutsa za Petro ndi Yohane amene anasanjika manja pa Asamariya kuti alandire Mzimu Woyera (Ntchito 8:14-17). Tinaloweza mphatso zisanu ndi ziwiri za Mzimu Woyera, kuyambira nzeru mpaka kuopa Mulungu. Koma kumphakati, kagulu ka akhristu okhala moyandikana, akuluakulu amakambirana okha, ife timangonyamula mipando ndi kusesa. Kusesa sindikana ayi, komatu kuwerenga Mawu a Mulungu ndimatha, kuyendera odwala ndingathenso.

Anzanga ambiri amene tinagwada nawo tsiku lija asiya kubwera ku Misa. Makolo akuti ana amakono ndi aulesi. Ine ndikuti anatopa ndi kukhala owonerera.

Bambo mfumu ndi atsogoleri a miphakati, ulimbitso ukatha tiitaneni mmodzimmodzi, mutifunse zimene tingagwire.

Mtsikana wa m'parishi