Ndayamba kumulanga ndi kusalankhula, monga ankachitira bambo anga

Okondedwa Alangizi,

Ndakhala ndikuwerenga mayankho anu kwa zaka zingapo, ndipo chimene chandilimbitsa mtima kuti ndikulembereni n'chakuti sindinakuonenipo mukunyoza munthu amene wabwera kwa inu atalemedwa mumtima. Ndine mwamuna wa zaka 34, ndipo munthu amene ndimamukonda ndi mwamuna mnzanga wa zaka 35. Ndaneneratu zimenezi kuti mudziwe kuti sindikupempha malangizo a mmene ndingasiyire kumukonda, pakuti funso limenelo ndinalimbana nalo kwa zaka zambiri ndipo mtima wanga unakhazikika. Chimene chikundisowetsa tulo ndi china. Ndazindikira kuti ndikumupweteka munthu ameneyu ndi chida chomwe chija chimene bambo anga ankandipweteka nacho ndili mwana.

Tinadziwana ine ndili ndi zaka 9, iye ali ndi zaka 10, pamene aphunzitsi anatikhazika pa desiki imodzi, ndipo kuchokera tsiku limenelo tinakhala a ponda apa nane mpondepo. Tinakula ngati pachibale, ndipo kwa zaka zoposa 20 panalibe china pakati pathu koma ubwenzi weniweni. Chimene chinatimanga pamodzi, ngakhale kuti pa nthawiyo sitinkatha kuchitchula, chinali chakuti tonse awiri tinkaopa nthawi yoweruka. Anzathu belu likalira ankathamangira kwawo, koma ife tinkazengereza, tinkafufuta bolodi limene linali lofufuta kale, tinkayenda pang'onopang'ono kuti njira italike.

Bambo anga sanandimenyepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo anthu akamva zimenezi amati ndinali ndi mwayi. Chilango chawo chinali kusalankhula. Ndikalakwa, kapena akangoona mwa ine khalidwe limene silinawasangalatse, monga kulira msanga kapena kukonda kujambula m'malo mokasewera mpira ndi anyamata anzanga, ankasiya kundilankhula kwa sabata yathunthu, nthawi zina mpaka masabata atatu. Ankadutsa pamene ndakhala ngati akudutsa mpando. Akafuna kuti ndichite kanthu ankauza mayi kuti, "Muuzeni mwana wanuyo," ine ndili pomwepo, maso anga ali pankhope pawo kudikira kuti mwina andiyang'anako. Ndinaphunzira kudziwa za mumtima mwawo pomvetsera mmene akutsekulira chitseko madzulo, ndipo mpaka lero ndikamva kiyi akuzungulira pa loko m'mimba mwanga mumachita thukuthuku. Tsiku limene afuna kuthetsa chilangocho ankangoyamba kulankhula ngati palibe chimene chachitika, osanena chimene ndinalakwa, ndipo ine ndinkasangalala kwambiri moti sindinkayerekeza n'komwe kufunsa.

Mnzangayu bala lake ndi la mtundu wina. Mayi ake anamusiya kwa achibale ali ndi zaka 6 n'kumulonjeza kuti adzabwera kudzamutenga, koma sanabwerenso. Pomamaliza sukulu anali atakhala m'nyumba zisanu, ndipo nthawi iliyonse ankauzidwa usiku kuti mawa lake anyamuke apite kwina chifukwa pano malo achepa. Chotero anazolowera kusunga kachikwama ka zovala pansi pa bedi, kolongedza kale, kuti tsiku lothamangitsidwa lisamupeze ali chimanjamanja.

Bambo anamwalira ndili ndi zaka 30, ndipo misozi inakana kutuluka. Usiku wina patapita masiku angapo, mnzangayu anakhala nane mpaka kucha, ndipo ndi usiku umenewo pamene ndinafotokoza kwa nthawi yoyamba za masabata a chete aja. Anandimvetsera osandidula mawu, kenako anati, "Ndinkadziwa. Masiku amenewo unkabwera kusukulu n'kumalankhula osapuma ngati munthu amene wamasulidwa pakamwa." Mawu amenewo anandigwetsa misozi imene imfa ya bambo inalephera kugwetsa, chifukwa ndinazindikira kuti pa zaka zonse zimene ndinkadziona ngati wosaoneka, panali munthu mmodzi amene ankandiona. Patapita pafupifupi chaka tinaululirana zimene aliyense wa ife anali atazibisa kwa nthawi yaitali poopa kutaya mnzake, ndipo tsopano takhala m'chikondi zaka zitatu, ziwiri mwa izo tili nyumba imodzi.

Ndinkaganiza kuti popeza timadziwana mpaka kumtima, chikondi chathu chidzakhala chopepuka. Ndaona kuti kudziwana kwambiri kuli ndi ululu wakenso, chifukwa aliyense amadziwa pamene pali chilonda cha mnzake, ndipo ngakhale usakufuna kuchikhudza umangopezeka wachiponda. Tikasemphana pa nkhani, ngakhale yaing'ono ngati kuchedwa kuyankha uthenga wa pafoni, pakhosi panga pamatseka. Sikuti ndimasankha kukhala chete. Mawu amangouma, thupi limazizira, ndipo ndimamva ngati ndili kuseri kwa galasi. Koma iye akaona kuti ndasiya kulankhula, mwana wa zaka 6 uja amadzuka mwa iye, ndipo amayamba kundifunsa mobwerezabwereza ngati ndatopa naye, ngati ndikufuna achoke, ngati walakwa chiyani. Akamafunsa kwambiri ine ndimadzitsekera kwambiri, ndipo ndikamadzitsekera kwambiri iye mantha ake amakula, moti kamkangano ka mphindi zisanu kamatidyera masiku.

Chimene chandichititsa kuti ndigwire cholembera chinachitika mwezi watha. Ndinakhala masiku atatu osamulankhula. Ndinkadzuka, kusamba, kupita kuntchito, kubwerako, kumudutsa pabalaza maso ali pansi. Madzulo a tsiku lachitatu ndinalowa kuchipinda n'kumupeza atakhala m'mphepete mwa bedi, atavala nsapato, kachikwama kali pamiyendo pake ndipo manja onse awiri atagwira lamba wake. Sindinkadziwa kuti m'nyumba mwathu muli kachikwama koteroko, koma kanali kolongedza bwinobwino, ndipo fumbi la pamwamba pake linkasonyeza kuti kakhala pansi pa bedi kuyambira tsiku limene tinalowa m'nyumbamo. Sanali kuchoka ayi. Anali kungodikira kuti ndimuuze tsiku lonyamuka, monga mmene ankadikirira kwa achibale aja. Anakweza maso n'kundifunsa ndi mawu otsika kuti, "Ndi mawa kodi?" Pa nthawi imeneyo ndinadziona nditaima pakhomo ndi nkhope ya bambo anga, ndipo sindinachitepo manyazi aakulu ngati amenewo pa moyo wanga wonse. Ndinagwada pansi n'kumupepesa, tinalira tonse awiri, koma kupepesa ndinapepesaponso kale kangapo, ndipo chete uja amabwerabe.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza kuti ndimvetse chimene chimandigwira. Ndinaonera pa intaneti kanema wa kafukufuku amene katswiri wa kakulidwe ka ana, Edward Tronick, anayambitsa m'zaka za m'ma 1970. Mayi amasewera ndi khanda lake, kenako amaumitsa nkhope osamwetulira, osayankha kanthu kwa mphindi zochepa chabe. Khandalo limamwetulira, limaloza, limatambasula manja, limakuwa, ndipo zonse zikakanika limatembenuzira nkhope kumbali n'kuyamba kulira. Ndinalephera kuumaliza kanemayo ulendo woyamba, chifukwa ngati mphindi zochepa zimasautsa khanda chotero, nanga masabata atatu anachita chiyani kwa ine, ndipo masiku atatu aja anachita chiyani kwa munthu amene ndimamukonda? Ndinawerenganso za kafukufuku wamkulu amene madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda anatsogolera ku America pakati pa 1995 ndi 1997, pa anthu akuluakulu oposa 17,000, wofufuza zowawa zimene anthu anakumana nazo ali ana. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anali atakumana ndi chowawa chimodzi kapena kuposerapo, ndipo amene anakumana ndi zambiri ndi amenenso ankavutika kwambiri ndi matenda a maganizo ndi a m'thupi atakula. Chimene chinandikhudza n'chakuti kunyozedwa ndi kumanidwa chikondi zinawerengedwa pamodzi ndi kumenyedwa. Kwa zaka zonsezi ndinkadziuza kuti ndilibe chifukwa chodandaulira popeza thupi langa lilibe chipsera.

Musaganize kuti sindinayese kupeza thandizo. Ndinapita kwa mlangizi wina wa za maganizo, ndipo masiku awiri oyamba zinkayenda bwino pamene ndinkafotokoza za bambo. Tsiku lachitatu nditaulula kuti wokondedwa wanga ndi mwamuna, nkhani yonse inatembenuka. Anandiuza kuti tsopano wapeza gwero la vuto, kuti ndikufunafuna mwa mwamuna mnzanga chikondi chimene bambo anandimana, ndipo kuti bala la ubwana likadzapola chilakolako chimenechi chidzatha chokha. Ndinatuluka m'chipindamo mtima utasweka. Ndikudziwa kuti pa 17 May 1990 bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linachotsa kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda a maganizo, ndipo ndikudziwanso amuna ambiri amene analeredwa ndi abambo ouma mtima koma amakonda akazi. Ine ndinapita kukachizitsa chete amene akuwononga chikondi changa, koma mlangiziyo anafuna kuchiza chikondicho n'kusiya cheteyo. Sindinabwerereko, ndipo tsopano ndikuopa kugogoda pakhomo lina, makamaka podziwa kuti anthu ngati ife tikaulula moyo wathu kwa munthu wolakwika tikhoza kutaya ntchito, abale ngakhalenso ufulu.

Apa ndi pamene vuto lathu limasiyana ndi la mabanja ena amene amakulemberani. Mwamuna ndi mkazi akayambana amakhala ndi kothawira. Pali makolo, abale ndi anzawo amene angawakhazike pansi n'kuwamva mbali zonse. Ife onse amene amatidziwa amationa ngati mabwenzi akale amene amathandizana kulipira nyumba. Kale ndikavutika mumtima ndinkathamangira kwa mnzangayu, koma lero amene wandikhumudwitsa kapena amene ndamukhumudwitsa ndi yemweyo. Ndinapeza wokondedwa, koma masiku a mkangano ndimasowa mnzanga uja wa pa desiki, ndipo iyenso amandisowa ine.

Pali njira imodzi imene tayesa tokha. Ndinawerenga kuti katswiri wa za mabanja John Gottman amatchula khalidwe lodzitsekera ngati langali kuti ndi limodzi mwa makhalidwe anayi amene amagwetsa mabanja, ndipo amalangiza kuti munthu akamva kuti mtima ukugunda kwambiri apume kaye mphindi zosachepera 20, koma anene kuti abweranso kudzamaliza nkhaniyo. Tinagwirizana kuti ndikamva pakhosi pakutseka ndizinena kuti, "Sindikukusiya, ndipatse theka la ola," ndipo mawu akakanika ndizilemba papepala. Zathandizako kawiri. Ulendo wachitatu ndinalemba pepalalo koma dzanja linakana kulipereka, ndipo ndinalipeza m'thumba la malaya mawa lake litanyowa ndi thukuta. Iyenso anandiuza moona mtima kuti theka la ola limenelo kwa iye limakhala ngati usiku wonse, ndipo amangoyang'ana wotchi thupi likunjenjemera.

Chonde Alangizi, ndithandizeni nzeru. Kodi khalidwe limene munthu analiphunzira ali mwana, limene limamugwira asanaganize n'komwe, lingathe kusinthika pa msinkhu ngati wangawu, ndipo ndiyambire pati pa nthawi imene pakamwa pauma kale? Ndingadziwe bwanji, ndisanaulule zambiri, kuti mlangizi amene ndamupeza adzalemekeza chinsinsi chathu ndipo sadzayesa kutilekanitsa m'dzina la chithandizo? Ndikufunanso kudziwa ngati kuli bwino kuti tipite tonse awiri pamodzi kapena aliyense ayambe wapita payekha, popeza ndikuopa kuti takhala tikusenzetsana katundu amene munthu mmodzi sangathe kumusenzera mnzake. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina kumukonda koona n'kumulola apite kuti akapeze munthu wosamupweteka, koma ndikakumbukira kuti chimene iye amaopa koposa zonse ndi kuuzidwa kuti anyamuke, ndimaona kuti maganizo amenewo ndi chete yemwe uja atavala malaya ena. Ngati ndikudzinamiza pamenepa, chonde ndiuzeni mosabisa.

Pali funso linanso limene ndikuchita nalo manyazi. Kachikwama kaja kadakali pansi pa bedi. Ndinamupempha kuti tikamasule n'kuika zovalazo mu kabati pamodzi ndi zanga, koma anandiyankha mofatsa kuti sanakonzeke, ndipo sindinamukakamize. Komabe ndikamasesa m'chipindamo tsache likakakhudza, mtima umandiwawa chifukwa ndimadziwa kuti ndine ndachititsa kuti kakhalebe kofunika. Kodi ndipitirize kumupempha kuti akamasule, kapena ndikasiye pomwepo mpaka tsiku limene iye mwini adzaone kuti sakukafunanso?

Ndidikira yankho lanu ndi mtima wonse, ndipo ndikupempha kuti dzina langa lisasindikizidwe.

Ine wanu,
Wosowa Mtendere